Seva ya Imelo Izinena Pamene Pakuwawa



Ndiyambe ndi foni imene ndidalandira usiku wina, nthawi itapitirira 11 koloko. Foni ya nthawi imeneyo mukuidziwa, mtima umayamba wadumpha kaye, maganizo n'kuthamangira kumudzi. Kuyang'ana, ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga. Ndidati, "Kwagwanji?" Iye amvekere, "Kunyumba kuli bwino, amalume. Koma imelo ikukana."

Mnyamatayu n'kuti atangolembedwa kumene ntchito pa kabungwe kena ka anthu osakwana 20. Poti ndiye yekha adaphunzirako za makompyuta, chilichonse chokhala ndi waya chimagwera iye, kuyambira pulinta yotafuna mapepala mpaka ketulo ya tiyi. Tsiku lina abwana ake adati atopa kulembera anthu aulemu wawo pa keyala yaulere yooneka ngati ya mwana wa sukulu. Akufuna imelo yokhala ndi dzina la bungwe, koma za kulipira madola mwezi ndi mwezi pa mutu uliwonse, ayi, ndalama imeneyo palibe. Mnyamata, ndi changu cha pa ntchito yatsopano, adadzigunda pachifuwa kuti seva aimika yekha. Walira mvula walira matope. Pamene amandiimbira n'kuti ali pa tsiku lachitatu, maso ali psu.

Kwa amene mukudabwa kuti seva ya imelo n'chiyani, ganizirani positi ofesi ya pa boma. Pali kalaliki wolandira makalata pa windo, pali wosankha kuti iyi ya ku Mzuzu, iyi ya pompano, pali galimoto yonyamula matumba, ndiye pali timabokosi ta makiyi tija, aliyense kake. Seva ya imelo ndi kompyuta yogwira ntchito zonsezi, yosagona usana ndi usiku. Komatu si pulogalamu imodzi. Yonyamula matumba ndi ina, ndipo zodziwika kwambiri masiku ano ndi Postfix ndi Exim. Yosunga timabokosi n'kumakutsegulirani mukabwera ndi foni yanu ndi inanso, kawirikawiri Dovecot, imene Timo Sirainen wa ku Finland adatulutsa mu 2002. Yosefa zinyalala ndi yachitatu. Kunja kwa kompyutayo kuli buku la makeyala a pa intaneti, lotchedwa DNS, mmene mumalemba mzere wa MX wouza dziko lonse kuti makalata a dzina lakutilakuti azikatulidwa pa khomo lakuti. Chilichonse mwa izi chili ndi fayilo yake yotcherera, kalembedwe kake, ndi kadandaulidwe kakekake.

Chodabwitsa n'chakuti chinenero chimene maseva amayankhulana n'chosavuta konse. Malamulo ake, otchedwa SMTP, adawalemba Jon Postel mu 1982, ndipo mukawawerenga muyesa anthu awiri akumana pa njira. Wina alonjera, natchula dzina lake. Mnzake avomera. Kalata yachokera kwa uje. Chabwino. Ikupita kwa uje. Chabwino, kapena, ameneyo kuno sitimudziwa. Yankho lililonse limatsogozedwa ndi manambala atatu. Mukamva 250, zatheka. Likayamba ndi 4, ndiye kuti lero ayi, mudzabwerenso. Likayamba ndi 5, musavutike n'kubweranso, bwererani nayo kalata yanu. Mwana wa Fomu 2 atha kuzigwira zimenezi pa ola limodzi. Nanga chimene chimakhazika munthu pa kompyuta masiku atatu osadya bwino n'chiyani?

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Gogo wa mapulogalamu onsewa ndi Sendmail, imene Eric Allman adalemba ali pa yunivesite ya California ku Berkeley, n'kutuluka mu 1983. Nthawi imeneyo kudali manetiweki angapo, iliyonse ndi kalembedwe kake ka keyala, ndiye Allman adapanga pulogalamu yotha kumasulira keyala ya mtundu uliwonse. Nzeru zidalipo, tisanamizane. Koma nzeruzo zidabwera ndi fayilo yotchedwa sendmail.cf, imene mukaitsegula mumangoona zizindikiro za dola, tinyenyezi ndi timivi, ngati nkhuku yapalasa pa kiyibodi. Ndipo tamvani msampha wake. Mbali ziwiri za lamulo lililonse zimayenera kulekanitsidwa ndi batani la Tab. Mukadina batani lalitali losiyira mpata lija m'malo mwake, pa sikirini zioneka chimodzimodzi, diso la munthu silingasiyanitse, koma lamulolo lafa. Buku lofotokoza pulogalamuyi, lija la chithunzi cha mleme pachikuto, lidanenepa mpaka kupitirira masamba 1,000. Masamba onsewo kuti kalata ichoke apa ifike apo.

Pali nkhani imene oyang'anira makompyuta amakonda kusimbirana. Adaisimba poyera ndi Trey Harris mu 2002, pokumbukira masiku amene ankayang'anira imelo pa yunivesite ina ku North Carolina, ku America. Mkulu wa dipatimenti ya sitatisitiki adamuimbira foni kuti imelo yawo siikupitirira mamailosi 500. Harris sadakhulupirire, poti imelo siiwerenga mamailosi. Koma anthu a masamu aja adali atatha masiku akulemba pa mapu kumene makalata akufika ndi kumene akukana, ndipo atayesa yekha adapeza kuti sakunama. Mamailosi 500 ndi makilomita ngati 800, pafupifupi kutalika kwa Malawi yense kuchokera kumpoto kufika kumwera. Mkati mwa mtunda umenewo kalata imadutsa. Kupitirira apo, zii.

Chidachitika n'chiyani? Munthu wina wobwera kudzakonza kompyuta adaikamo Sendmail yakale m'malo mwa yatsopano, mosadziwa, pamene fayilo yotcherera idatsala ya yatsopano ija. Yakaleyo itakumana ndi mizere yosaimva, siidadandaule. Idangoilumpha mwakachetechete, pamalo pake n'kutsala 0. Umodzi mwa mizereyo udali wonena nthawi yodikira kuti seva ya kutsidya iyankhe. Pa kompyuta imeneyo, 0 ameneyu amatanthauza timagawo titatu mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo pa kanthawi kameneko ngakhale kuwala kumene kumayenda makilomita ngati 900 basi. Seva yapafupi imayankha nthawi isanathe. Yakutali poti iziyankha, imapeza mnzake wadula kale.

Anthu amaseka akamva nkhaniyi. Ine chimene chimandigwira mtima ndi kukhala chete kuja. Pulogalamu ija ikadangoti mzere wakuti sindikuumva, mlandu ukadatha tiyi asanazizire. Namwino aliyense akuuzani kuti kuchiza khanda n'kovuta kuposa kuchiza mwana wa zaka 6, ngakhale matenda atakhala amodzimodzi, chifukwa wa zaka 6 amaloza ndi chala kuti apa. Mfundo yanga lero yagona pamenepo. Chimene chimagonjetsa wongoyamba kumene ndi makina osaloza pamene pakuwawa, kapena olozadi koma m'chinenero chomva madokotala okhaokha. Kuchuluka kwa zotchera kumabwera pambuyo.

Wietse Venema, katswiri wochokera ku Netherlands, akugwira ntchito ku IBM ku America, adatulutsa Postfix mu Disembala 1998, ndipo adazula minga yambiri. Fayilo yake yaikulu, main.cf, ndi mizere wamba, dzina kumanzere, yankho kumanja. Zoti mungatchere zilipo mazanamazana, koma pafupifupi zonse zimabwera zitatcheredwa kale mwanzeru, moti seva yaing'ono imayenda ndi mizere yochepa. Ndipo pali khalidwe lake limodzi limene ndimalivulira chipewa. Mukachotsa lamulo loletsa alendo kutumiza makalata awo kudzera mwa inu, Postfix imakana kulandira kalata iliyonse, n'kulemba mu kaundula wake dzina la lamulo limene likusoweka. Siyisiya geti pululu mwakachetechete. Imanyanyala, ndipo imanena chimene yanyanyalira.

Mphwanga adasankha Postfix yomweyi, pa kompyuta ya Ubuntu yochita lendi kunja. Poika, idamufunsa funso la mayankho asanu, ndipo ndiwerenga monga adalembedwera: No configuration, Internet Site, Internet with smarthost, Satellite system, Local only. Taimani pomwepo. Mnyamata amene sadayendetsepo seva chibadwire adziwa bwanji kusiyana kwa smarthost ndi satellite? Iye atawerenga satellite adaganiza za dishi ya kanema ya padenga. Timawu tofotokozera tilipo pamwamba pake, koma nato n'ta anthu odziwa kale. Chonsecho chimene akufuna kudziwa kumbuyo kwa mawu onsewo n'chachidule. Kodi kompyutayi izilandira makalata ochokera kunja? Kodi izitumiza yokha, kapena izipatsira seva ina kuti iziitumizira? Mafunso awiri amene mlembi wa mpingo angayankhe osakanda kumutu.

Usiku umene uja ndidamuuza atsegule mail.log, kaundula mmene Postfix imalemba chilichonse chimene yachita, ngati buku la mlonda wa pa geti. Masiku atatu onsewo adali asadalitsegulepo, poti palibe chidamuuza kuti lilipo. Ndidati, "Werenga mzere womaliza." Adawerenga mawu amodziamodzi, m'Chingerezi: mail for, kenaka dzina la bungwe lawo, loops back to myself. Adakhala kaye chete. Kenaka amvekere, "Amalume, ikuti kalata ikuzungulira n'kubwerera kwa ine mwini. Ine ameneyu ndani, ineyo kapena kompyuta?"

Ndidaseka mpaka mayi a kunyumba kudzuka. Koma funso lake lidali lanzeru. Tanthauzo la mawuwo ndi ili. Buku la makeyala lija likunena kuti makalata a bungweli azipita ku seva iyi. Koma sevayo palibe adaiuza kuti dzina limenelo ndi lake. Ndiye kalata ikafika, imati iyi si ya pano, ndikaitule kwa eni ake. Ifunsa njira, njira iilozera pakhomo pake pomwe. Zili ngati mesenjala amene wapatsidwa envelopu, wazungulira tauni yonse kufunsa keyala, n'kupezeka waima pa desiki yake yomwe. Mankhwala ake ndi kulemba dzina la bungwe pa mzere wotchedwa mydestination. Dzina limodzi, pa mzere umodzi. Postfix siidaname, idanena zoona zokhazokha. Chimene chidasowa ndi theka la mzere lowonjezera, loti dzina ili mulibe pa mndandanda wa mayina anga, kodi ndi langa? Theka la mzere limenelo likadamubwezera mnyamata masiku awiri a moyo wake.

Atalemba dzinalo, makalata obwera adayamba kulowa. Otuluka ayi. Adangounjikana pamzere, kaundula akuti connection timed out, kutanthauza kuti ndagogoda, palibe wayankha. Apa seva idalibe mlandu ngakhale pang'ono. Maseva amapatsirana makalata pa khomo nambala 25, ndipo ambiri ochititsa lendi makompyuta ndi ogulitsa intaneti amatseka khomo limeneli kwa kasitomala watsopano, poopa otumiza zinyalala. Ena amatsegula mukapempha, ena amakaniratu. Mnyamata, posadziwa, adatha theka la tsiku akusinthasintha mizere imene idali bwinobwino, n'kuwonongapo iwiri. Chonsecho kuyesa khomo limenelo n'kwa masekondi ochepa. Pulogalamu yoikira ikadatha kugogoda tsiku loyamba lomwe, n'kumuuza kuti khomo 25 n'lotseka, usavutike ndi fayilo, kalankhule ndi eni kompyuta.

Vuto lachitatu ndiye lalikulu, ndipo ndi limene lasintha ntchitoyi kuyerekeza ndi kale. Poyamba maseva adali ngati mudzi wa anthu odziwana, aliyense amanyamulira mnzake kalata osafunsa. Atachuluka akamberembere otumiza zinyalala m'zaka za m'ma 1990, mudzi udamanga mipanda. Mu 1998 Sendmail yeniyeniyo idasiya kunyamulira alendo pokhapokha mutaiuza, ndipo chaka chomwecho lidayamba bungwe la Spamhaus, lolemba mndandanda wa makompyuta otumiza zinyalala. Lero kalata imafunsidwa mapepala ngati lole pa boda ya Mwanza. Pali PTR, kuti nambala ya kompyuta yanu ikafunsidwa dzina, iyankhe dzina logwirizana ndi limene mwalonjera nalo. Pali SPF, mndandanda wa maseva amene mwawaloleza kutumiza m'dzina lanu. Pali DKIM, chidindo chobisika pa kalata iliyonse, chimene wolandira amachiyesa ndi kiyi imene mwaika mu DNS. Ndiye pali DMARC, youza wolandira chochita nayo kalata imene yalephera mayeso amenewa. Kuyambira Febuluwale 2024, Google ndi Yahoo adamangitsa zingwe. Aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza chipiku, amene Google imawerengera kuyambira makalata 5,000 pa tsiku, akhale ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC.

Malamulowa ine sindikangana nawo. Amene adalandirapo kalata yonamizira dzina la banki yake akudziwa ntchito yake. Chopweteka kwa wongoyamba n'chakuti mbali yaikulu ya zimenezi ili kunja kwa seva yake. PTR amasintha ndi mwini nambala, amene wakuchititsani lendi. Mizere ya zinazo ili mu DNS, kwa amene mudagulako dzina. Ndipo misampha ili thoo. Mukalemba mizere iwiri ya SPF poyesa kuti mukuwonjezera mphamvu, yonse iwiri imasanduka yopanda ntchito. Mphwanga adachita zimenezo, wina atakopera pa tsamba lina, wina pa tsamba linanso. Choipitsitsa, apa nthawi zina kaundula wanu amakusangalatsani. Amati 250, yafika. Inde yafika, koma eni ake aiponya kudzala, m'thumba la sipamu limene palibe amatsegula. Seva ikuti ndili bwino, abwana akuti mnzanga uja sadalandire.

Alipo amene adaliona vutoli n'kuchitapo kanthu. Mu 2013 Joshua Tauberer wa ku America adayamba Mail-in-a-Box. Mumaipatsa kompyuta yatsopano ya Ubuntu, ikufunsani keyala yanu ndi dzina la seva, kenaka iika yokha Postfix, Dovecot, sefa ya zinyalala, DNS ndi satifiketi yotetezera. Kuikako n'kwabwino, koma chimene ine ndimaikondera ndi tsamba lake limodzi loyeza thanzi. Ndi mndandanda wa zinthu, china chochongedwa ngati mmene amachongera aphunzitsi, china chopatsidwa mtanda. Ndipo pa mtandapo samangokusiyani. Amalemba kuti PTR yanu ikunena zakuti, iyenera kunena zakuti, kasinthitseni kwa amene adakupatsani nambala. Imagogoda khomo 25 yokha. Imakayang'ana ngati nambala yanu ili pa mndandanda wa Spamhaus. Mavuto awiri mwa atatu a mphwanga akadaonekera pa tsamba limenelo asanatumize ndi kalata imodzi yomwe. Palinso Mox, ya Mechiel Lukkien wa ku Netherlands, pulogalamu imodzi yogwira ntchito zonse, imene pomaliza kuika imakulemberani mizere ya DNS yoti mungokopera. A OpenBSD nawo adasiya Sendmail mu 2014 n'kutenga OpenSMTPD, imene fayilo yake imawerengeka ngati ziganizo, mvetsera pa khomo lakuti, kalata yochokera kwakuti upite nayo kwakuti.

Komatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mapaketi ongodina kamodziwa amafewetsa tsiku loyamba, koma ine ndimawayesera pa tsiku la 91. Ndatchuliranji 91? Satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, imene idayamba kuperekedwa kwa aliyense kumapeto kwa 2015, imakhala masiku 90. Imatengedwa yatsopano yokha, zinthu zikayenda bwino. Tsiku limene zalephereka, kapena yatsopano yabwera koma Dovecot siidauzidwe kuti iiwerenge, mafoni onse a mu ofesi amayamba kukana nthawi imodzi. Pamenepo munthu amene adaimika seva ndi batani limodzi amapezeka ali m'nyumba ya zipinda zambirimbiri zimene sadalowemo. Paketi ngati mailcow imayendetsa zigawo zopitirira 10, chilichonse ndi kaundula wake. Wongoyamba atsegule uti? Galimoto yofewa chiwongolero ndi yabwino, koma ngati boneti adaiwotcherera, tsiku lokufera pa Zalewa udzangoiyang'ana. Ndiye ndikamati zifewetsedwe, sindikunena zobisa injini. Ndikunena injini yoti ukatsegula boneti, chigawo chilichonse n'cholembedwa dzina, ndipo chimene chafa chayatsa nyali.

Akatswiri ena akale amati zisiyeni zikhale zovuta, kuvutako ndiye mpanda, wosadziwa asayandikire, angatsegulire mbava geti. Ndimawamvetsa, poti seva yotcheredwa molakwika imasautsa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja omwe. Koma mpanda umenewo udaletsa yani? Mphwanga sadabwerere. Adangopita kukakopera mizere pa masamba olembedwa kalekale, osadziwa kuti mzere uliwonse ukuchita chiyani, ndipo wokopera mwakhungu ndi amene amasiya geti pululu. Amene abwereradi ndi timabungwe ting'onoting'ono timene tataya mtima, makalata a dziko lonse n'kumaunjikana m'manja mwa makampani owerengeka. Ndinene mosabisa, si ofesi iliyonse iyenera kukhala ndi seva yakeyake. Ngati palibe munthu woti aziiyang'ana sabata ndi sabata, kulipira ena n'kwanzeru, ngakhale madola akhale osowa chotani. Koma chisankho chimenecho chizichokera pa kuwerengera, osati pa kugonja kwa mnyamata amene sadamve tanthauzo la myself.

Inu achinyamata amene abwana akusenzetsani katundu ngati ameneyu, poyembekezera kuti olemba mapulogalamu atimvere, tengani izi. Tsegulani kaundula musanasinthe kalikonse, ndipo mumusiye chitsegulire pamene mukutumiza kalata yoyesera. Postfix imapatsa kalata iliyonse nambala yake. Itsatireni nambalayo mzere ndi mzere mpaka pamene palembedwa status, muone ngati ndi sent, deferred kapena bounced, ndiye kuti yapita, ikudikira, kapena yabwezedwa. Kenaka lembani postconf, mpata, kamzere ndi n. Ikuonetsani mizere yokhayo imene ili mu fayilo yanu, osati mazanamazana aja. Dovecot nayo ili ndi doveconf yochita zomwezo. Mukamakafunsa kwa odziwa, pitani ndi ziwirizi m'manja. Safunsa adadya phula, inde, koma naye wongoti imelo siikugwira basi, palibe angamuthandize. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba m'kope chimene chidalipo poyamba. Mizere iwiri imene mphwanga adawononga ija tidatha ola lathunthu tikuifuna, poti sadakumbuke kuti wakhudza pati.

Seva ija idaima pa tsiku lachisanu. Patapita miyezi ingapo idazima masiku awiri, lendi itachedwa kulipiridwa chifukwa cha mavuto a ndalama zakunja amene tonse tikuwadziwa. Abwana adagwira kumutu kuti makalata onse a masiku awiriwo apita. Mnyamata adawauza kuti akhazike mtima pansi, seva yotumiza ikapeza khomo lotseka siitaya kalata, imasunga n'kumayesanso, Postfix mpaka masiku asanu. Atangoyatsa, makalata adayamba kulowa amodziamodzi ngati ng'ombe zobwerera kukhola madzulo. Nthawi imeneyi sadandiimbire. Ndidamva kwa achemwali.

Mwezi watha ndidadutsa pa ofesi yawo. Pakhoma, pamwamba pa desiki yake, adamata pepala la m'kope logawidwa pakati ndi mzere wa bolopeni. Kumanzere walemba madandaulo a seva m'Chingerezi chake chija, kumanja walemba m'Chichewa. Pa loops back to myself walemba kuti seva yaiwala dzina lake, yang'ana mydestination. Pa connection timed out walemba kuti wagogoda osayankhidwa, yesa kaye khomo 25 usanakhudze fayilo. Pa relay access denied walemba kuti akukuyesa mlendo, lowa ndi dzina ndi pasiwedi pa khomo 587. Mizere idalipo yokwana kudzaza tsamba. Pansi penipeni padali umodzi wa Chingerezi umene kumanja kwake kudalibe kanthu. Ndidauloza ndi chala. Iye amvekere, "Umenewo wabwera dzulo, amalume. Takhalani pampandopo ndiike madzi a tiyi, muuone."